Pulogalamu ya ku ofesi ikukana kuonekera pa laputopu ndikakhala kunyumba

Akuluakulu a m'gulu muno, ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito pa kakampani kojambula mapu ku Area 3, ndipo mapu athu onse ali pa kompyuta imodzi ya Ubuntu (mtundu wa Linux), yomwenso imayendetsa QGIS, pulogalamu yojambulira mapu. Ndikakhala mu ofesi, pomwe laputopu yanga ili pa netiweki imodzi ndi kompyutayo, ndimalemba DISPLAY=192.168.1.25:0 pa kompyutayo, kuiuza adiresi ya laputopu kuti ionetsere zenera pamenepo kudzera mu X11 (njira yoonetsera mazenera a mapulogalamu pa sikirini), ndipo zenera la pulogalamu limatulukira pa laputopu popanda vuto, chifukwa mnzanga amene anakonza makinawa anatsegula port 6000 (khomo limene X11 imadzera) pa laputopu n'kuikapo xhost +, lamulo lolola kompyuta iliyonse kulumikiza ku sikiriniyo.

Kunyumba ku Area 25 ndimagwiritsa ntchito MiFi, imene imapatsa laputopu adiresi ya 192.168.8.100. Kulowa mu kompyuta ya ku ofesi ndi SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta yakutali) kumatheka, koma ndikaika adiresi imeneyi pa DISPLAY pulogalamu imangoyankha kuti cannot open display. Ndinayesa kutsegula port 6000 pa MiFi, osaphula kanthu, ndipo ndinaona kuti adiresi yakunja ya MiFi imayamba ndi 100.72. Kodi ndilipire adiresi yokhazikika, kapena XDMCP (njira ya X11 yolowera pa desikitopu ya kompyuta yakutali) ingandipulumutse?

Woyankha woyamba:
Achimwene, ndalama zanu sungani. Mu X11 zinthu n'zotembenuka: seva ndi laputopu imene ili ndi sikirini, ndipo pulogalamu ya ku ofesi ndiyo imaimbira laputopuyo pa port 6000. Adiresi yoyamba ndi 192.168 ndi ya m'nyumba mokha, choncho kompyuta ya ku Area 3 ikaifunafuna siingaipeze pa intaneti. Ya 100.72 ija ili m'gulu la 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255, kutanthauza kuti kampani yanu ya intaneti ili ndi NAT yakeyake (njira yobisa makina ambiri kuseri kwa adiresi imodzi yakunja) pamwamba pa ya MiFi, ndipo chitseko chimenecho makiyi ake mulibe. XDMCP iwaleni, pakuti imayambira pa UDP 177, kenako kompyuta yakutali imayenerabe kuimbira laputopu, n'kukagunda khoma lomwelo.

Popeza SSH ikulowa kale, lembani ssh -X basi. Onetsetsani kuti mu sshd_config, fayilo ya makonzedwe a SSH pa kompyuta ya ku ofesi, muli X11Forwarding yes ndiponso kuti xauth (kapulogalamu kosunga makiyi a X11) ilipo. DISPLAY idzadziika yokha kukhala localhost:10.0, ndipo zithunzi zidzadutsa m'njira imene inu mwatsegula kuchokera mkati, yomwe NAT siiletsa. Koma xhost + ija ichotseni lero lomwe, chifukwa aliyense wofika pa port imeneyo angathe kuona sikirini yanu ndi kuwerenga zimene mukutayipa, mawu achinsinsi omwe.

Woyankha wachiwiri:
Zimene anenazi n'zoona, koma ine sindingakulangizeni X11 pa netiweki ya foni. Pulogalamu ndi sikirini zimafunsana ndi kuyankhana kambirimbiri, moti kuchedwa pang'ono kulikonse kumachulukana, ndipo netiweki ikaduka, kaya bandulo yatha kaya MiFi yazima magetsi atathima, pulogalamu imafa pamodzi ndi ntchito imene simunasunge. Ikani TigerVNC (pulogalamu ya VNC, imene imakutumizirani chithunzi cha desikitopu ya kompyuta yakutali) ku ofesi, lembani ssh -L 5901:localhost:5901, kenako lozetsani VNC ya pa laputopu ku localhost:5901. Mukaduka, mapu anu adzakudikirani pomwe munawasiya.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Poyamba ssh -X inakanabe, mpaka ndinapeza kuti mnzanga uja analemba adiresi ya 192.168.1.25 mu .bashrc (fayilo imene kompyuta imawerenga munthu akalowa), ndiye inkafufuta DISPLAY nthawi iliyonse ndikalowa. Nditachotsa mzerewo, xclock inatulukira nthawi yomweyo, kawotchi kakang'ono pakona pa sikirini, koma QGIS ikukwawa ngati nkhono, makamaka ndikamasuntha mapu. VNC ndiyesa mawa. Chimene sindinamvetse n'chakuti, popeza kompyuta ya ku ofesi ili pa Ubuntu 22.04 ndipo imayenda pa Wayland (njira ina yolowa m'malo mwa X11), kodi TigerVNC idzandionetsa desikitopu yomwe mnzanga akugwirapo ntchito, kapena idzanditsegulira yanga yapadera? Sindikufuna kumulanda mausi ali pakati pa ntchito.