Granite, Formica kapena silabu ya matailosi: pamwamba pa makabati a m'khitchini ndiike chiyani?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikukonzanso khitchini ndipo bolodi la Formica limene linalipo lafufuma kuzungulira sinki. Makabati ndi opindika pakona, kutalika konse mamita 4.4, mulifupi masentimita 60. Nsima imaphikidwa tsiku lililonse, poto amatsika pamoto ali wotentha, madzi ndi a pamjigo. Ndikuganiza za mwala wa granite, koma ena akuti ndingothira silabu n'kumata matailosi. Chokhalitsa n'chiti?

Yankho la mmisiri wa makabati:
Mayi, choyamba tione chimene chinapha bolodi lakalelo. Formica ndi kachikopa kapamwamba chabe, mkati mwake muli chipboard, utuchi wopanikiza ndi guluu. Podula bowo la sinki utuchiwo umakhala pamtunda, ndipo ukamwa madzi umafufuma osabwereranso. Mukafuna kubwereza Formica chifukwa cha thumba, bolodi lake nthawi zambiri limabwera la mamita 3.6, choncho mufunika awiri. Mmisiri apake silikoni kapena vanishi kawiri paliponse pamene wadula asanakhazike sinki, komanso polumikizira pakona. Koma poto wa nsima limadana naye, limatuluka chithuza. Kwa inu sindingalimbikitse.

Granite ndi yabwino, kungoti anthu amaiwala kulemera kwake. Ya mamilimita 30 imalemera pafupifupi makilogalamu 80 pa sikweya mita, ya mamilimita 20 pafupifupi 55. Panu pali masikweya mita 2.6, ndiye yokhuthalayo ipitirira makilogalamu 200. Makabati akalewo ngati pansi pake panalowa madzi kapena chiswe, sangasenze. Akonzedwe kaye, ndipo aikidwe levulo mbali zonse. Mwala supindika, kabati imodzi ikatsika pang'ono, umakhala m'malere ndipo umathyokera pamene pali popyapyala, kutsogolo kwa sinki.

Yankho la wodula miyala:
Za kulemerazo n'zoona. Ine ndikambe za kusankha mwala weniweniwo, chifukwa si granite yonse imene imafanana. Yakuda, monga yochokera ku Mutoko ku Zimbabwe kapena yotuwirako ya ku Rustenburg ku South Africa, ndi yothinana, simwa madzi kwenikweni. Yosada, monga yoyera kapena yofiirira, kawirikawiri imamwa mafuta ophikira n'kusiya banga. Kuyesa n'kosavuta: pemphani kachidutswa, donthezani madzi, dikirani mphindi 15 n'kupukuta. Pakada, mwalawo ufunika sealer, mankhwala opaka otseka timabowo ta mwala, ndipo muzibwereza kuyesaku chaka chilichonse. Padonthezeninso madzi a mandimu. Pakachita mbuu, umenewo ndi marble kapena mwala wa mtundu wake, usiyeni. Marble imadyeka ndi asidi, ndiye tomato, mandimu ndi viniga zidzaichotsa kuwala mwezi usanathe.

Koma mwati madzi ndi a pamjigo. Ngati amasiya zoyera mu ketulo, adzasiyanso pa mwala wakuda, ndipo pakuda zimaonekera kutali. Wamawangamawanga umabisa bwino. Mukakondabe wakuda, zolowerani kupukuta ndi nsalu youma mukatha kutsuka mbale.

Musapereke miyezo pafoni. Makoma athu ambiri sali sikweya, odulawo abwere adzayeze okha makabati ataikidwa kale, ndipo sinki mukhale mutagula kuti bowo alidule molingana nayo. Makona a bowolo akhale obulungira, chifukwa mng'alu umayambira pa kona yakuthwa. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa sinki kutsale mwala wosachepera masentimita 5, pansi pake pakhale thabwa kapena chitsulo chochirikiza. Polumikizira zidutswa ziwiri za mwala pasagwere pa sinki.

Akakuonetsani quartz, dziwani kuti ndi mwala wopera wosakaniza ndi resin, guluu wonga pulasitiki. Simwa mafuta, safuna sealer, koma poto wotentha amawotcha resinyo n'kusiya chizindikiro chosachoka. Fumbi lake podula ndi loopsa kumapapo, moti dziko la Australia linaletsa miyala yotereyi kuyambira mu July 2024. Kaya quartz kaya granite, asadulire mouma m'nyumba mwanu ndi gilayinda.

Yankho la womanga nyumba:
Achimwene awiriwa anena bwino, koma silabu musaipeputse. Chiswe sichiidya, madzi siiwaopa, ndipo zipangizo zake zili paliponse. Mumanga timakoma ta njerwa totalikirana osapitirira mita imodzi, kutalika masentimita 81, kuti mukawonjezera silabu ya 7.5 ndi tailosi ndi guluu wake mufike pa 90. Zitsulo za Y10, zonenepa mamilimita 10, zilukidwe motalikirana masentimita 15 mbali zonse, zikhale pakati pa konkire osati kugona pa matabwa. Kasakanizidwe ndi 1:2:4, simenti, mchenga wa kumtsinje ndi miyala ya kwale yaing'ono. Pa muyezo wanuwo matumba awiri a simenti akwana. Bowo la sinki ndi la paipi muikiretu bokosi la matabwa musanathire, kugoba pambuyo kumang'ambitsa silabu. Muziithirira madzi masiku 7, ndipo matailosi adikire milungu inayi. Mukafulumira, konkire ikamauma imakoka ndipo matailosi amatukuka.

Tengani matailosi a porcelain a masentimita 60 kwa 60, kuti mizere ya pakati pawo ichepe. Guluu apakidwe tailosi yonse, osati madontho asanu aja amene ena amachita pofuna kusunga guluu, chifukwa pamene pali mphako pamasweka mukangogwetsapo poto.

Mmisiri wa makabati:
Vuto la silabu ndi mizereyo, bambo. Grout ya simenti, yomwe amatsekera mizereyo, imamwa mafuta ndi msuzi, imada, ndipo ufa umakanirira momwemo. Ikhale ya epoxy, yonga guluu wolimba wosamwa madzi, mizere ya mamilimita 2 kapena 3. Chinanso, silabu mukathira mwathira, simudzasunthanso sinki kapena kukulitsa malo a kuka yophikira popanda kugumula.

Womanga nyumba:
Pamenepo sinditsutsa. Njira ina ndi kuphatikiza: timakoma ta njerwa pansi, granite ya mamilimita 20 pamwamba, zitseko zokha n'kukhala za matabwa. Pa mwala wopyapyala chotere timakomato tiyandikane masentimita 60, ndipo usatulukire kutsogolo kupitirira masentimita 3. Pakati pa mwala ndi khoma muike silikoni, osati simenti.