"Anamva nkhwangwa ili m'mutu": kodi kumva kwakeko nkuti?

Akuluakulu ndithandizeni apa. Mwambi uja woti wosamva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, "anamva" ameneyu akutanthauza chani kwenikweni? Anamva ululu nkhwangwa itamulowa, kapena apa mpamene anazindikira zomwe ankamuuza zija?

Ndafunsa chifukwa mwana wa achemwali anga wa Fomu 2 kuno ku Area 25 akudandaula ndi liwu lachingerezi loti run. Akuti ndi kuthamanga, ndi kuyendetsa bizinesi, ndi kuimira pachisankho, madzi akamatuluka pa mpopi ndi run yemweyo, mpaka mamina akamachucha ndi chimfine. Sakunama ayi, a Oxford English Dictionary anapeza matanthauzo 645 a run ngati mneni pokha. Koma chandiwawa nchoti iye akuti Chichewa ndiye chophweka, liwu limodzi tanthauzo limodzi basi. Ndikufuna ndimuonetse ndi mwambi umenewu koma ndiyambe ndaumvetsa ndekha kaye.

Bambo a ku Kawale:
Achimwene muuzeni awerenge yekha. Timamva wailesi, timamva njala, timamva fungo la usipa tikamadutsa mu msika wa Lilongwe, timamva tulo, timamva chisoni pa maliro, munthu akati ndikumva mutu si kuti mutu ukuyankhula, ukumupweteka. Wina akuti sindimva Chitumbuka pomwe makutu ali bwinobwino. Malungo osamva mankhwala, malungo ali ndi makutu? Pa mwambipo ine ndikuti ndi ululu basi, nkhwangwa mumaimva bwanji ngati si kuwawa.

Mayi a ku Likuni:
Ayi bambo pamenepo ndakana. Agogo anga ankanena mwambiwu kwa ife atsikana tikamachedwa kudambo dzuwa litalowa, ndipo sankanena za ululu, ankanena za nthawi. Munthuyo anamvadi, anavomera kuti anzake aja amanena zoona, koma wavomera nkhwangwa italowa kale ndiye kumvako kumuthandiza chani? Mumvetsere bwino, mwambi sukuti anamva nkhwangwa basi, ukuti ILI m'mutu. Ka "ili" kameneko kakutiuza nthawi yomwe anamvera.

Bambo a ku Kawale:
Amayi mwandigwira pa "ili" apo, koma ululu sindiuchotsa.

Mphunzitsi wa ku Mchesi:
Musauchotse, zonse zilimo ndipo akuluakulu anachita dala. "Wosamva" woyambayo si gonthi, ndi nkhutukumve, amamva ndithu mawuwo koma samvera. Ndiye liwu lomwelo likubweranso kumapeto litanyamula ziwiri, thupi lamva kuwawa, nzeru nazo zatseguka mochedwa. Ana anga mkalasi akamamasulira mwambiwu m'Chingerezi amakakamizika kusankha chimodzi, hear kapena feel, ndipo pomwepo mwambi umafa. Mwanayo mumuuzenso kuti pa kumva pomwepo tapanga kumvera, kumvana, kumvetsa, kumveka, mpaka ndiwo timati mchere sukumveka.

Wofunsa:
Zikomo nonse, Loweruka akabwera ndimuonetsa zonsezi. Koma aphunzitsi pali china, ena ndimawamva akuti "anamva nkhwangwa ili m'mutu" pokha osatchula za wosamvayo, ena akuti "mwana wosamva". Kumudzi kwanu ku Dedza, ku Dowa, ku Ntchisi amauyamba bwanji? Amene muli ndi agogo pafupi tawafunsireniko.