Kodi "mlandu suola" ukugwirizana ndi kulapa?

Wofunsa: Abale, ndithandizeni tanthauzo la mwambi wakuti "mlandu suola". Ena amaunena moopseza, ngati akuti ndidzakubwezera tsiku lina. Nanga poti Mulungu amakhululuka munthu akalapa, mwambiwu uli ndi malo pakati pa Akhristu?

Woyankha woyamba: Yambirani pa mawu akuti "kuola". Chipika chikagwa m'thengo, ukangochisiya chimafumbwa, nkutha chokha. Mlandu sutero. Papite zaka 20, amene unamubera akadali woberedwa. Choncho mwambiwu sukuuza wolakwiridwa kuti asunge mangawa ayi. Ukuchenjeza wolakwa amene wangokhala chete kudikira kuti nkhani iiwalike.

Woyankha wachiwiri: Zoona, ndipo Baibulo limapereka ndondomeko yake. Pa Levitiko 6:1-7, wonyenga mnzake, wokana chimene anamusungitsa, kapena wotola chinthu nkulumbira zabodza, ankabweza chonsecho kwa mwini wake, nkuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo 5, kenaka nkupereka nkhosa yamphongo kwa wansembe. Ngati wadya ndalama 100, abweze 120. Zakeyu pa Luka 19:8 anachita kupyola apo, analonjeza kubweza kanayi. Yesu nayenso pa Mateyu 5:23-24 akuti siya mphatso yako paguwa, ukayambe wayanjana ndi m'bale wako.

Woyankha wachitatu: Chimene chimaononga kulapa kwa ambiri ndi kamawu kakuti "koma". Adamu analoza mkazi, ngakhalenso Mulungu amene anam'patsa mkaziyo. Aroni anati anangoponya golide pamoto, mwana wa ng'ombe nkutulukamo. Koma yang'anani bwino Sauli pa 1 Samueli 15. Iyeyo mawu akuti ndachimwa anawanena ndithu, kungoti anawatsatiza ndi chifukwa, kuti anaopa anthu, kenaka nkupempha Samueli kuti amulemekeze pamaso pa akuluakulu. Davide atadzudzulidwa ndi Natani anangovomera kuti wachimwira Yehova, osawonjezapo kanthu. Anakhululukidwa, komabe mwana amene anabereka ndi Bateseba, mkazi wa Uriya, pa tchimolo anamwalira. Pamenepo mpamene mwambi wanu ukuonekera: chikhululuko chilipo, zotsatira sizifafanizika zonse.

Popepesa tchulani chimene munachita. Nenani kuti "ndinanama", osati "sitinamvane". Mawu akuti "ngati ndakulakwirani" asiyeni, chifukwa "ngati" ameneyo akubwezera mlandu kwa wolakwiridwayo kuti ndiye apereke umboni. Zoti "ndi Satana" nazonso nkuzemba chabe. Ndipo musamukakamize munthu kuti akhululuke pomwepo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga wolakwiridwayo atakhala kuti anamwalira?

Woyankha wachiwiri: Numeri 5:7-8 inaziganizira zimenezo. Choyamba munthu aulule tchimo lake, kenaka abweze ndi chowonjezera chija. Mwini wake kulibe, chipite kwa wachibale wake. Wachibalenso akasowa, chiperekedwe kwa Yehova kudzera mwa wansembe. Choncho funani ana ake kapena abale ake, muwafotokozere chimene chinachitika, muwabwezere.