Ndikufuna mabuku atsopano a ana ndi akulu: ndiyambire pati kuno ku Zomba?

Nachisale, Matawale

Moni nonse. M'nyumba mwanga muli owerenga atatu osiyana misinkhu, ndipo pa tchuthi chikubwerachi ndikufuna kuti aliyense akhale ndi buku m'manja, foni ipumeko. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 17 yemwe ali Fomu 3. Iyeyu wawerenga Nthondo kawiri konse, koma chifukwa choopa mayeso basi. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 9 wa Sitandade 4, amene Chichewa amawerenga mosadodoma koma akafika pa Chingerezi amayamba kuyasamula. Achitatu ndi bambo anga ondibereka, omwe adapuma ntchito m'boma ndipo nyuzipepala amaiwerenga yonse mpaka zidziwitso za maliro, kenaka n'kuyamba kudandaula kuti yatha msanga. Ndikupempha mundiuze mabuku atsopano owayenera, a ndakatulo, a nkhani zopeka kapena a mbiri, makamaka olembedwa ndi Amalawi.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali

Mayi Nachisale, ndiyamba ndi bambo anu chifukwa ndife a msinkhu umodzi ndipo ndikudziwa chimene chimatigwira mtima. Kwa anthu ngati ife, buku lokoma ndi limene likunena za masiku amene tidawaona ndi maso koma sitinkaloledwa kuwatchula pakamwa. Apezereni And Crocodiles Are Hungry at Night, limene Jack Mapanje adatulutsa mu 2011. Mapanje anali mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College pamene adamangidwa mu 1987, ndipo adakhala kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Bambo anu akamawerenga azidziwa misewu, maofesi ndi khalidwe la nthawi imeneyo, pamene munthu ankayang'ana kumbuyo asanayankhe moni. Akamaliza limenelo apitirize ndi Fearless Fighter la Vera Chirwa, la mu 2007. Mayi ameneyu adasungidwa m'ndende ya kuno ku Zomba, m'mene amuna awo, Orton Chirwa, adamwalira mu 1992, ndipo iwo adatuluka chaka chotsatira.

Ngati maso awo akadali bwino ndipo saopa buku lonenepa, A History of Malawi 1859–1966 la John McCracken, la mu 2012, lidzawasunga pakhonde miyezi iwiri. Ndivomereze kuti mabukuwa si a dzulo, koma kwathu kuno buku limene silidafikepo m'nyumba mwanu ndi latsopano ndithu.

Wophunzira wa ku Chikanda

Aphunzitsi, za agogo mwanena bwino ndipo sindionjezapo, koma mundilole ndiyankhulire mng'ono wanga wa Fomu 3, chifukwa ine ndidachoka pa msinkhu umenewo posachedwa. Mtsikana amene wazolowera kuona buku ngati chida cha mayeso sangakopeke ndi buku lina lalitali, ngakhale litakhala lotchuka chotani. Mayi, mupatseni ndakatulo za Upile Chisala, yemwe adakulira kuno ku Zomba. Mabuku ake ndi soft magic, nectar ndi a fire like you, lomalizali lidatuluka mu 2020. Ndakatulo zake zambiri ndi zazifupi, zina mizere itatu kapena inayi yokha, ndipo zimakamba za kukhala mtsikana wakuda, kudzilemekeza, chikondi ndi kuchira pambuyo pa zowawa. Mnzanga wina amene ankati ndakatulo ndi chilango adabwereka buku langa usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake ndidapeza atakopera ndakatulo zisanu kumapeto kwa kope lake la Biology. Ndikulangizani kuti muyambe mwaliwerenga inuyo, chifukwa muli nkhani za thupi ndi za chibwenzi zimene ndi bwino mudzakambirane naye.

Akazolowera, muyeseni ndi Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, la mu 2015, limene likuganizira mmene Africa idzakhalire zaka mazana zikubwerazo. Ambiri timaganiza kuti nkhani zoterezi ndi za azungu okha, choncho kuona kuti wolemba ndi Mmalawi kumasintha maganizo a wachinyamata. Palinso nkhani zazifupi za Stanley Onjezani Kenani mu For Honour and Other Stories. Mlembiyu adafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine ya olemba nkhani zazifupi a mu Africa, mu 2008 ndi mu 2012, ndipo nkhani imodzi munthu amaimaliza nyemba zisanapse.

Naphiri, Domasi

Mayi anzanga, ine ndimaphunzitsa makalasi aang'ono, ndiye ndikamba za mnyamatayo yekha. Kuyasamula kwakeko sikusonyeza ulesi ayi. Mwana akakumana ndi mawu asanu osawadziwa pa tsamba limodzi, nkhani imamuthawa ndipo amatsala ndi ntchito yongotchula zilembo. Choncho musafulumire kumuchotsa pa Chichewa. Mwana amene wakhwima powerenga chiyankhulo chake savutika kwambiri akamaoloka kupita ku china.

Pa intaneti pali African Storybook, pomwe mungapeze nkhani za ana zaulere zokhala ndi zithunzi, zina m'Chichewa, ndipo zambiri zili ndi Chingerezi chake. Ine ndimasankha nkhani imodzi, n'kukaisindikiza pa malo ojambulira mapepala m'tauni, kenaka n'kusoka masambawo ndi ulusi kuti likhale kabuku kogwirika. Mwana awerenge kaye ya Chichewa, mawa lake awerenge yomweyo m'Chingerezi. Popeza nkhaniyo akuidziwa kale, mawu achilendo sawaopanso.

Buku logula limene ndingalimbikitse ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nayamba kubwereka mabuku a sayansi pa laibulale yaing'ono ya kwawoko mpaka adapanga magetsi a mphepo pogwiritsa ntchito dainamo ya njinga, zitsulo zotola ndi mitengo ya bulugamu. Samalani pogula, chifukwa bukuli lili m'mitundu itatu: la akulu la mu 2009, la zithunzi la mu 2012, ndi la achinyamata la mu 2015. Wa zaka 9 ayambe ndi la zithunzilo. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chokha: ana anga a m'kalasi atamva nkhaniyi, makolo awiri adabwera kudzadandaula kuti mawailesi awo aphwasulidwa.

Ndipo poti m'nyumbamo muli agogo okonda kuwerenga, apempheni kuti madzulo azimuwerengera mdzukulu wawo mokweza, ngakhale tsamba limodzi, monga mmene kale tinkayankhira kuti "tili tonse" pa nthano.

Mphunzitsi wopuma, Chinamwali

Mwana wanga wa ku Chikanda, ndagonja pa za ndakatulo zazifupizo. Koma taonani nonse kuti pa mabuku onse amene tatchulawa, ine ndemwe, palibe la akulu la m'Chichewa, ndipo apa m'pamene pali bala. Osindikiza amaika ndalama zawo pa buku limene lasankhidwa kukhala la mayeso, chifukwa ndi lokhalo limene sukulu zimagula mochuluka. Wolemba nkhani yongosangalatsa amadzilipirira yekha, amasindikiza ochepa, n'kumagulitsa kuchokera m'chikwama. N'chifukwa chake buku latsopano la Chichewa umalimva pa wailesi koma m'sitolo osalipeza.

Mtsikanayo asaweruze Chichewa chonse ndi mantha a mayeso. Musakireni Njala Bwana kapena Madzi Akatayika a Willie Zingani, kapenanso Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, ngakhale akhale akale ong'ambika chikuto, kwa ogulitsa mabuku pansi kufupi ndi msika. Kwa bambo aja pali Chipasupasu, limene Benedicto Wokomaatani Malunga adamasulira kuchokera ku Things Fall Apart la Chinua Achebe. Kumva miyambi ya Aigbo itavala Chichewa ndi chinthu chokoma kwambiri. Asaiwalenso ndakatulo za Steve Chimombo, mwana wa kuno yemwe adamwalira mu 2015, zimene zidatenga dzina la Napolo, uja adasesa tauni ino mu 1946. A Kachere, omwe ali konkuno, amasindikiza mabuku a mbiri, chikhalidwe ndi chipembedzo, ndipo ndi bwino kukafunsa chimene atulutsa posachedwa.

Nachisale, Matawale

Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndidayenda kumsika ndipo ndidapeza Njala Bwana lopanda tsamba loyamba, koma ndidagulabe. Ndimati ndi la mtsikana, koma bambo adalilanda mtsikanayo asanaliyambe, akuti adaliwerenga kalekale ndipo akufuna aone ngati mathero ake akadali omwewo. La Mapanje ndatuma mchimwene wanga wa ku Blantyre. Mayi Naphiri, nkhani ziwiri ndasindikiza ndipo ndasoka monga mudanenera. Wailesi ndayamba ndaibisa m'kabati.