Alembi osamukira kunja onse amathera m'kalasi bwanji?

Kadzidzi:
Anzanga okonda mabuku, ndithandizeni. Ndikamawerenga mbiri za alembi amene anasamukira kumayiko a eni, ambiri ndimawapeza akuphunzitsa pa yunivesite. Kodi n'kukonda uphunzitsi, kapena mabuku paokha sadyetsa munthu? Nanga chilankhulo cholembera amasankha okha kapena msika ndi umene umawasankhira?

Nachisale:
A Kadzidzi, ndi njala basi. Taonani Vladimir Nabokov. Anakula akulankhula Chirasha, Chingerezi ndi Chifalansa, banja lawo n'kuthawa ku Russia mu 1919. Ku Berlin ankalemba m'Chirasha, koma omuwerenga anali othawa kwawo anzake, ochepa komanso osauka, moti ankadalira kuphunzitsa anthu Chingerezi ndi tenisi. Atafika ku America mu 1940 ankalemba m'Chingerezi, naphunzitsa ku Wellesley, kenako ku Cornell kuyambira 1948. Buku lake lotchedwa Lolita litangoyamba kugulidwa kwambiri ku America mu 1958, mkuluyo choko anatayira uko, n'kukakhala mu hotela ku Montreux, ku Switzerland, mpaka imfa yake mu 1977. Wokonda kalasi sachoka mwa mtundu umenewo.

Mphunzitsi_wopuma:
Mayi Nachisale, pa njalapo ndikuvomera, koma musaiwale Ngũgĩ wa Thiong'o, mlembi wa ku Kenya, amene anayenda njira yobwerera. Anatchuka ndi Chingerezi, koma atatsekeredwa kundende ya Kamiti mu 1977 analemba buku lonse m'Chikikuyu, pa mapepala a kuchimbudzi. Kuyambira 1982 anakhala kunja kwa Kenya, naphunzitsa ku Yale, ku New York University ndi ku Irvine, California. Ali kumeneko sanasiye Chikikuyu. Ankalemba, kenako n'kumasulira yekha m'Chingerezi. Ine ndimaona kuti malipiro a yunivesite ndi amene anamupatsa ufulu wolemba m'chilankhulo chomwe msika wake ndi waung'ono. Akanadalira malonda a mabuku okha, akanalimba mtima choncho?

Tadala_K:
Nanga Jhumpa Lahiri timuika pati? Kunyumba ankalankhula Chibengali, anapata mphoto ya Pulitzer mu 2000 ndi Chingerezi, kenako anasamukira ku Rome n'kuyamba kulemba m'Chitaliyana popanda womukakamiza. Pambuyo pake anakaphunzitsa ku Princeton. Ameneyu njala sinamuthamangitse ayi.

Kadzidzi:
Zikomo nonse. A Mphunzitsi, funso lina kwa inu: Ngũgĩ pomasulira yekha, ankangotsatira zomwe analemba m'Chikikuyu, kapena ankasinthako zina poganizira owerenga akunja?