Alamu ya safety controller ikungolira jenereta ikalowa

Wamagetsi_Boma: Akuluakulu ndithandizeni. Ku fakitale ya ayezi komwe ndimagwira, magetsi akangothima jenereta nkulowa, safety controller (kachipangizo koyang'anira chitetezo cha makina) imadula kompuresa alamu nkuyamba kulira, ma opareta atopa nayo mpaka wina wamata tepi pa buzzer. Abwana akuti ndingoika jampa (waya wolambalala controller yo) poti asodzi akudikira ayezi ndipo chambo sichidikira munthu.

Fitala_MonkeyBay: Jampa ayi achimwene, chonde. Controller imeneyo ndi yomwe imateteza moyo wa anyamata anuwo. Tatiuzani kaye, pa sikirini ikulemba chani?

Wamagetsi_Boma: Pena low voltage pa 24V, pena discrepancy pa e-stop (batani loimitsira makina pangozi)

Mdala_wa_Mapanelo: Ndiye matenda ndi awiri amenewo, musawaphatikize. Za 24V zo ndi nthawi ija jenereta isanakhazikike, power supply imatsika controller nkudula yokha monga inapangidwira, ikani ka UPS kapena buffer module (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) basi. Koma discrepancy yo ndi imene ikundidetsa nkhawa ine. E-stop imakhala ndi ma channel awiri, onse NC (amakhala otseka batani lisanadinidwe), amayenera kutseguka pamodzi, ina ikachedwa controller imadziwa kuti kontakiti yadwala ndipo tsiku lina munthu adzadina batani makina osaima. Kuno kunyanja chinyontho chimadya ma terminal, mukatsegula kabokosi mupeza waya wachita zobiriwira, mwinanso nyerere zamangamo. Zimitsani, ikani loko pa isolator (switchi yodulira magetsi onse a makinawo), kenako yezani channel iliyonse payokha.

Fitala_MonkeyBay: Komanso alamu zisamalire zonse mofanana, nchifukwa chake anthu amamata tepi. Buku la malangizo a ma alamu lotchedwa EEMUA 191 limati zinthu zikamayenda bwino opareta asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10. Zongochenjeza muziike pa nyali yachikasu ndi ka delay pang'ono, sairini isiyireni zoopsa zenizeni. Koma delay yo isakhudze trip ya safety, kudula makina kuja. Muwonjezerenso alamu ya kutentha mkati mwa panelo, mukudziwa mmene Okutobala amawotchera kuno.

Wamagetsi_Boma: Mdala munalasa. Channel yachiwiri terminal yadyeka, sikuluu ikungozungulira. Ndasintha batani lonse, ndayesa, ikudula bwinobwino, tepi ija ndachotsa. UPS abwana avomera. Nanga reset ndiike ya auto kuti asamavutike usiku?

Mdala_wa_Mapanelo: Ayi mphwanga, ikhale ya pamanja. Munthu azipita kukaona kaye kuti palibe amene ali pafupi ndi malamba, kenako adine. Ndipo alamu iliyonse azilemba m'buku, nthawi ndi zomwe sikirini yalemba, Lolemba muzikhala pansi nkuwerenga.