Ndivale chani ku intavyu Lachinayi?

Abale ndithandizeni maganizo, mutu wangoima apa. Andiitana ku intavyu Lachinayi likubwerali ku City Centre, ntchito yake ndi ya ukalaliki pa kampani ina yake, ndipo chimalizireni sukulu iyi ndi yoyamba kuitanidwa ndiye sindikufuna kukalakwitsa pa zovala.

Suti ndilibe. Ilipo ndi jekete ya achimwene anga yomwe anavala pa ukwati wawo koma ndi yaikulu m'mapewamu, manja ake amafika mpaka ku zala, ndikaivala ndimaoneka ngati ndikupita kokalalika. Amayi akuti ndivale yomweyo basi poti mabwana amaona ulemu, koma ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Lilongwe, ndichoke ku Area 25 pa minibasi titathinana anayi anayi, ndikafikatu thukuta lili kamukamu.

Ndili ndi thalauza yakuda yabwinobwino ndi shati yoyera ya manja aatali. Kodi zimenezi ndi tayi sizingakwane popanda jekete? Kapena ndipite pa Tsoka ndikasake jekete ya pa kaunjika yondikwana, ndili ndi K25,000 yokha ndipo transipoti ichokanso momwemo.

China ndi nsapato. Yanga yachikopa inang'ambika pang'ono kutsogoloku, ndikasoketse n'kupaka polishi kapena amayang'ana mpaka pansi? Ndevu zokha ndimeta, zimenezo musandiuze kkkk.

Inu amene munakhalapo pa panelo yofunsa anthu, mumayang'ana chani kwenikweni munthu akangolowa pakhomo? Ndiuzeni msanga chifukwa ngati n'kopita ku msika ndipite mawa.